Nthambo ya nsimbi ya amai yapezeka mu motoka ya Ba Geshomu

Mwachoma bwanji nonse. Imwe amene simunabwere ku chilanga mulilo cha Tisa wathu, popereka vakudya kwa apongozi, mverani vamene achita akulu athu Ba Geshomu.

Sabata yonse anali kudzitama kuti aika ampu yatsopano yokweza nyimbo mu motoka, Matero yonse izamva. Lero tanyamuka, iwo patsogolo, azimai pambuyo akuvina na mapoto pamutu. Nyimbo ikangofika pogunda, ampu yazima. Azimai aima mwendo m'mwamba. Yayakanso, yazimanso, mpaka pa geti ya apongozi, anthu akuseka.

Ba Geshomu ati ni batire. Tabwereka ina, vimodzimodzi.

Ba Sakala, aja okonza va magetsi, abwera na mita yawo. Pa batire yaonetsa thwelufu, pa ampu naini chabe. Akuti moto ukutayika panjira, nthambo yachepa. Anyamula kapeti, apeza tunthambo tutatu tolumikiza na tepi, tofunda ngati mbatata. Ya efi, ija yopita ku chitsulo cha motoka, Ba Geshomu anamangira pa bauti ya penti, osapala n'komwe.

Manje kanthambo kapakati kanali kokutidwa na nsalu yakuda na yoyera. Amai angoyang'ana kamodzi, ati, "Geshomu, iyi si nthambo ya nsimbi yanga?"

Mukumbukira mwezi watha nsimbi yositira inapezeka yodulidwa nthambo, ndipo amai anakalipira mlamu wathu Esinati mpaka analira. Amuna ake, Ba Geshomu, anali pomwepo, akungodya.

Ba Sakala akuti nthambo yonenepa izathetsa vuto la ampu. Nanga la Esinati, mukuti ayambe kupepesa ndani, amai kapena injiniya wathu Ba Geshomu?