Chitenje Changa M'nyumba ya Yoga

Ntchito ya ku Westlands anandipezera ndi Mayi Phiri a ku kwaya yathu, banja limene linandibweretsa ku Nairobi kudzalera ana litasamutsidwa. Anati, "Make Chisomo, kuli nyumba ya yoga, masewera owongola thupi ndi kupuma aja, akufuna munthu waukhondo, wosalongolola." Ndinathokoza Mulungu, poti ana anga ku Dedza amadyera m'manja mwangamu.

Ndinkakwera minibasi, imene kuno amati matatu, ku Buruburu m'mamawa. Ndikafika ndinkayala mphasa za labala motalikirana mapazi atatu, n'kuzipukuta ndi madzi othira viniga pang'ono. Matawulo sitinkapinda, tinkakulunga. Kenako kuyatsa lubani, kuwiritsa tiyi wa jinja, n'kupukuta kambale kamkuwa kamene Madamu, eni ake a malowo, ankagogoda poyamba ndi pomaliza. Madamu anali mzungu, moni sankaiwala. Lamulo lawo linali limodzi: "Mavuto timasiya pakhomo pamodzi ndi nsapato."

Makasitomala ambiri anali azungu. Mmalawi anali mmodzi yekha, a Tadala, mtsikana wophunzira, womenyera ufulu wa amayi ozunzidwa m'mabanja. Anandizindikira ndi chitenje. "Amayi, mwadzuka bwanji? Kodi tiyi wanuyu mumathiramo pemphero?" Ankaseka, koma maso ali psuu. Ku ofesi kwawo anawauza kuti ayamba kukalipa pamisonkhano, choncho akaphunzire kupuma bwino. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ndikalankhula mofatsa samva, ndikakweza mawu ati ndine wolusa. Ndatopa, amayi, mpaka m'mafupa."

Lachinayi lina anafika osapereka moni. Ndikulandira nsapato zawo, anandinong'oneza kuti mayi wina wa ku Kitengela, amene akhala akumuthamangira miyezi yambiri, wapezeka atafa, mwamuna wake wathawa. "Ndinachenjeza aliyense, amayi. Aliyense."

Kambale kanalira, onse anagona chagada. Madamu anati, "Tulutsani mkwiyo ndi mpweya, mkwiyo ndi poizoni." Pamenepo a Tadala anabuma. Osati kusisima ayi, kulira kwa kwathu kuja, kotchula dzina la malemu. Ena anadzuka, wina anayamba kukulunga mphasa yake. Madamu anandikodola n'kunong'ona kuti ndiwatulutse, ndikawapatse madzi, akusokoneza bata.

Ndinapita ndi mtima wowatulutsadi, Mulungu ndi mboni, ndinkaganiza za ana anga. Koma nditafika pomwe anagonapo, miyendo inakana. Kwathu munthu akamalira maliro sumuimirira pamutu, ndipo sumutontholetsa asanamalize. Ndinamasula chitenje chapamwamba, kuwafunditsa, kukhala pansi n'kutambalala, basi ndinayamba kulira nawo. Mayi wa ku Kitengela uja sindinamuonepo, koma ndinamulira ngati mng'ono wanga. Kalasi inathera pomwepo.

Madamu sanakalipe. Anandiitana ndi mawu ofewa omwe aja: "Mtima wanu ndi wabwino, koma anthu amabwera kuno kudzapeza mtendere." Mwezi utatha analemba wina.

Ndinavutika, sindinama. Ndinkachapa zovala m'makomo mwa anthu, manja mpaka kusenduka. Lamulungu lina a Tadala anandipeza ku Buruburu, ataonda, atatenga tchuthi. Anagwada pakhomo.

"Amayi, ndakuchotsetsani ntchito."

"Dzuka mwana wanga, unandigwetsa pansi ndiwe? Ndinakhala ndekha. Wadya?"

Anali asanadye. Anadya mbatata ndi tiyi, tinapemphera, kenako anagona pabedi langa mpaka dzuwa kupendeka. Podzuka anati ndi tulo toyamba chimwalirireni mayi uja. Chiyambire pamenepo amabwera Lamulungu lililonse. Amakalipa zonse za sabata imeneyo, ine n'kumasenda anyezi, sindiwauza kuti apume mpweya. Akamaliza amagona, Lolemba n'kubwerera ku nkhondo yawo.

Madamu ndimawapemphererabe, anandiphunzitsa ntchito. Koma lamulo lawo lija ndinalisiya komweko. Pakhomo panga nsapato amavula, misozi amalowa nayo.