Chimbale cha Yohane

Kuno ku Kaphuka anthu amati ndimakuwa polankhula chifukwa ndine mwamuna wamphamvu. Bodza limenelo. Makutu angawa anatha, ndipo akudziwa ndi mayi a kunyumba okha.

Mwezi wathawu mwana wanga Yohane anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi chimbale chimene anajambula ndi anzake, akuti nyimbo za roko, zamagitala olira motalika. Anatiyikira pa sipika pakhonde, alamu anga ali pomwepo. Ine ndinkangomva kugunda m'chifuwa, ngati lole ikudutsa patali. Nyimbo zitatha sindinadziwe n'komwe. Ndinapitiriza kugwedeza mutu mpaka alamu anandigwira bondo.

"Bambo, mwaziona bwanji?" Funsolo ndinalizindikira poona milomo yake.

Ndikanangoti, "Mwanawe, sindikumva." Koma pamaso pa alamu? Ndinakuwa kuti, "Chigayo ichi! Sukulu yonse ija n'kumakaliza zitini?"

Alamu anaseka mpaka kutsokomola. Yohane anazimitsa sipika, n'kukulunga chingwe chake pang'onopang'ono.

Yohane atabwerera ku Lilongwe, mayi ake anandikuwira kukhutu kuti gitala yake anagulitsa. Dzulo Yohane anandiimbira foni. Analankhula nthawi yaitali, kaya amalira, kaya amandikhululukira. Ine ndinkangoti, "Eya, eya," mpaka foni inaduka.