Achemwali ndi Foni Yosanama

Achemwali anga ndi telala. Asoka zaka makumi atatu m'kachipinda komweko, pakati pa okala ya zitsulo ndi malo ometera tsitsi. Ine ndine mng'ono wawo, ndipo ntchito yanga ndi kusita zimene asoka, kusokerera mabatani ndi kumva madandaulo awo. Yachitatuyi ndiyo yolemetsa, koma ilibe malipiro.

Anthu amawadziwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi kuuma manja. Kansalu kotalika ngati chala sataya. Pansi pa tebulo pali thumba la zigamba limene lanenepa kuposa ine. Chachiwiri ndi lamulo lawo loti sadula nsalu ya munthu amene sanamuone ndi maso. Mukawatumizira miyezo papepala, amangolipinda n'kulitsindika ndi sizasi. "Sindisokera manambala ine," amatero, "ndimasokera munthu."

Foni yawo inali ya mabatani, yomanga ndi mphira kuti batire lisagwe. Makasitomala akabwera ndi zithunzi za masitayilo m'mafoni awo, achemwali ankayang'ana kamodzi n'kujambula m'kope ndi pensulo. Foni yamakono ankati ndi ya anthu osowa chogwira.

Ali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Timamutcha Kabatani, chifukwa ali wamng'ono ankakhala pansi pa makina n'kumasanja mabatani m'mizere. Zaka zitatu zapitazo anakwatiwa ndi dalaivala wa mathiraki, n'kupita naye kutali, ulendo wa masiku awiri pa basi. Achemwali sanamufune mkamwini ameneyu. Tsiku lonyamuka, pakamwa panawatsogolera. "Ukapita, za kumeneko usamandiuze," anatero. Mwanayo anamvera. Ankaimba kamodzi pa mwezi, "Muli bwanji amayi? Ifenso tili bwino," basi. Foni ikaduka, achemwali ankapalasa makina ngati akuthamangitsidwa. Ndinkadziwa kuti mawu aja akuwadya mumtima, koma kupepesa kumawavuta kuposa kulowetsa ulusi pa singano atatsinzina.

Lachiwiri lina m'mawa, kafoni kaja kanalira. Anali Kabatani, ndipo ndinkamva zonse chifukwa kafoniko sikadziwa kunong'ona.

"Amayi, ndamaliza maphunziro a unamwino. Mwezi wamawa tikulandira masatifiketi. Mungandisokere diresi? Miyezo yanga muli nayo m'kope muja."

Pa zaka zitatu zonsezo, aka kanali koyamba kuwapempha kanthu. Achemwali anatulutsa nsalu imene anaisunga kalekale, yobiriwira ngati tsamba la mango lokhwima. Anaiyala patebulo, anatenga choko, anatsegula kope. Kenako anaika zonse pansi.

"Sindingadule."

"Achemwali, mwana wanu yemwe simukumudziwa?"

"Ndikudziwa wa zaka zitatu zapitazo."

Apa anagwira njakata. Akakana, mwanayo sadzapemphanso. Akasoka losamukwana, sadzapemphanso ndithu. Ndinawasiya avutike mpaka masana, kuti nanenso ndimveko kukoma, kenako ndinati, "Pali mafoni oti mukamalankhula mumaonana."

M'mawa mwake tinapita kwa bambo wogulitsa mafoni kumapeto kwa msewu wathu. Timamutcha Orijino, popeza chilichonse cha m'shopu mwake, ngakhale fumbi, amati ndi orijino. Atationa anatulutsa foni yonyezimira, yamaso atatu kumsana.

"Iyi, amayi, ikakujambulani mubwerera pa utsikana."

"Utsikana ndinauona kale," anatero achemwali. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kachidutswa ka nsalu yobiriwira ija. "Jambulani aka."

Orijino anajambula. Pagalasi kansaluko kanaoneka kowala ngati udzu wa mvula yoyamba.

"Yabodza iyi. Chikomekome cha mkuyu. Foni yonamizira nsalu inganene zoona za munthu?"

Anayesa mafoni asanu, m'shopu ndi panja padzuwa. Orijino thukuta linayamba kutuluka. Yotchipitsitsa inaonetsa nsaluyo ngati yachita nkhungu, ndipo mwini wake anavomera kuti ikadzaza zithunzi imayamba kutsimphina. Yotsatira pa mtengo, yakuda, yopanda chokongola chilichonse, inaonetsa tsamba la mango lenileni, mpaka ulusi wosomphoka m'mphepete. Achemwali anafunsa ngati batire lake limafika madzulo, ngati zilembo zingakulitsidwe, ndiponso ngati ikavuta angaibweze. Kenako ananenerera mtengo mpaka Orijino anawaonjezera chikuto chaulere kuti angochoka.

Koma sanachoke, chifukwa panatsala nkhani ya bandulo ya intaneti.

"Pali ya tsiku, ya sabata ndi ya mwezi," anafotokoza Orijino. "Ya mwezi ndiyo imapepuka mukaganiza bwino. Pali yaing'ono ndi yaikulu. Koma kuimba koonana kumadya kwambiri, ndiye mukamaliza muzitseka."

"Nanga yotsala imapita kuti?"

"Imatha, amayi, tsiku lake likakwana."

"Ndagula ndine, ithe bwanji ndisanaigwiritse? Mwati ndi mkaka kodi?"

Munthu wosunga zigamba za zaka makumi atatu anamva ngati amutukwana. Anasankha ya mwezi, yaing'onoyo. "Ndikufuna kuona munthu mmodzi, kamodzi," anatero.

Tinaimba Loweruka masana. Nkhope ya Kabatani inadzaza galasi lonse, yonenepako pang'ono, yosekerera mwamantha.

"Mayi aang'ono, mwawanyengerera bwanji kugula foni?"

Ndisanayankhe, achemwali anali atayamba kale ntchito. "Tsamiritsa foniyo penapake, ubwerere m'mbuyo."

"Amayi, miyezo ndi yomwe ija."

"Bwerera m'mbuyo."

Anabwerera, atavala malaya aakulu a mwamuna wake.

"Tembenuka. Kweza manja. Yenda, ubwere kuno."

Kabatani anayenda. Achemwali anamuyang'anitsitsa, magalasi ali pansonga ya mphuno. "Chabwino, ndaona," anatero, n'kutseka intaneti msangamsanga ngati mpopi. Ine ndinakwiya. Zaka zitatu osaona mwana, ndiye n'kumuyendetsa ngati ng'ombe ya pamsika, osamufunsa ngakhale za kunyumba! Ndinawauza zimenezo, koma anangondipatsa simbi.

Kudula kwake kunandidabwitsa. Chiuno cha diresilo anachikweza mpaka m'munsi mwa chifuwa, kutsogolo anaikako mapindo ambiri, ndipo m'mbali anasiya msoko wa zala zitatu, iwo amene amaumira ngakhale ulusi.

"Mukuwononga nsalu, achemwali. Si sitayilo ya atsikana amasiku ano imeneyi."

"Iwe sita."

Zotsala sanaponye m'thumba muja. Anasoka kenakake atandifulatira, ndipo phukusi anamanga okha n'kukalipereka okha ku basi. Masiku otsatira, m'mawa uliwonse ankatsegula intaneti, kuyang'ana, n'kutseka. Orijino anali atawauza kuti kuimba koyamba kuja kunadya yoposa theka.

Lachisanu, atangotsegula, foni inalira. Kabatani anali ataima patali osauzidwa, atavala diresi lija. Linamukhala ngati anabadwa nalo. M'manja ananyamula kachipewa kobiriwira, kakang'ono ngati chikhato, ndi tinsapato tiwiri tansalu yomweyo. Apo m'pamene ine, ndi maso anga awiri, ndinaona zimene achemwali anaona Loweruka lija. Ndinakhala pa thumba la zigamba lija.

"Amayi, munadziwa bwanji?" Mwanayo ankalira. "Mimbayi ndi ya miyezi inayi yokha. Ndimafuna kukuuzani, koma paja munati..."

"Ndikudziwa zimene ndinanena." Achemwali anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsalu ya kasitomala, chinthu chimene ine atandiona ndikuchita angandithamangitse. "M'mbalimo ndasiya msoko. Ukamakula uzimasula pang'onopang'ono. Ndipo mawu aja, mwana wanga, ine..."

Chithunzi chinaima. Kabatani anauma pagalasi, kachipewa kali m'manja, pakamwa pali potsegula. Kenako kunabwera uthenga woti bandulo yatha.

Ndinkayembekezera kuti ayamba kulalatira Orijino ndi mafoni ake onse. Koma anangodzuka, n'kutenga chikwama, n'kutuluka, siketi ya munthu ili pansi pa singano, chitseko chili pululu. Ndinawatsatira ndi simbi m'manja, ndipo ndinawapeza atafika kale kumapeto kwa msewu, akupuma mwawefuwefu.

"Ndipatseni yaikulu ija," anatero.

Orijino anatchula mtengo n'kudikira nkhondo. Nkhondo sinabwere. Anandiyang'ana ine, kenako iwo, n'kunena mwaulemu, "Paja, amayi, yotsala imatha."

"Siitsala," anatero achemwali.