Sikakuoneka, Koma Botolo Sinditaya

Amene anayamba kutchula matenda athuwa kuti "kachilombo" ndili naye mlandu. Anthu akamva mawuwa amaganiza za kanthu ka miyendo, konga nankafumbwe wa m'nkhokwe, koti ukakathira mankhwala kamagona chagada n'kufa. Ine ndaphunzitsa sayansi zaka zambiri pa sukulu ina ku Sinda, ndipo kachilomboko ndakhala nako kuyambira ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri. Ndimakadziwa kuposa mmene ndimawadziwira apongozi anga.

Ana m'kalasi ndimawauza kuti thupi linamangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo. Selo ndi yamoyo. Imadya, imapuma, imagawikana yokha. Kachilombo kalibe pakamwa, kalibe mimba, sikangaswane pakokha. Ndi kakalata chabe kokulungidwa m'chikhokho. Kakalowa m'selo, seloyo imasiya ntchito yake n'kuyamba kukopera kakalatako, ngati telala wa mumsika wa Katete amene wina wamulembera muyeso wabodza m'buku, iye n'kumangosoka osafunsa. Mapiritsi amene ndimamwa amamugwira dzanja telalayo. Koma tsamba lija limakhalabe m'buku.

Chaka china anesi atandiyeza magazi anandiuza akumwetulira kuti, "Aphunzitsi, sikakuoneka." Ndinadziwa tanthauzo lake: mankhwala akugwira, kachepa mpaka makina sakukapeza. Ndinasangalala zedi, ndipo chisangalalocho n'chimene chinandipusitsa. Ndinaimbira amama kumudzi kufupi ndi Mkaika n'kuwauza mawu amodzi omwewo, osawonjezera kanthu.

Loweruka nditafika kumudzi ndinapeza mbuzi yasendedwa kale, mabenchi obwereka ali ndandanda pansi pa mtengo wa mango, amalume avala jekete dzuwa lili phwee! Amalumewa anali atasiya mpingo wathu n'kumatsatira munthu wina wa mapemphero wochokera cha ku Vubwi, ndipo dzina langa analipereka kumeneko kalekale osandifunsa. Tsopano kwa iwo yankho linali litabwera.

Nyimbo zitatha, amalume anaimirira. "Mwana wathuyu wachira," anatero. "Achipatala eni ake avomera kuti kachilombo kafa. Tsopano atulutse botolo lake la mapiritsi, tonse timuperekeze akalitaye m'chimbudzi, kuti Satana achite manyazi."

Azimayi analulutira. Amama anali kulira ndi chimwemwe, akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Mtima wanga unawawa, chifukwa chimwalirire mlongo wanga, mwana wawo wamwamuna yekhayo, ndinali ndisanawaone akusekerera chotero. Ndipo ine ndinali pafupi kuwalanda chimwemwecho pamaso pa mudzi wonse.

"Amalume," ndinatero, "anesi sananene kuti kafa. Anati sikakuoneka."

"Nanga kusiyana kwake n'kotani? Chimene sichioneka ndiye kuti palibe!"

"Munda wanu wa kudambo uja, mwezi wa Okutobala kaufiti amaoneka?"

Kaufiti ndi kaudzu ka maluwa ofiira kamene kamayamwa mizu ya chimanga, ndipo munda wa amalume unatchuka nako. Wina kumbuyo anaseka, n'kudzitseka pakamwa.

"Saoneka," ndinadziyankha ndekha. "Koma dzalani chimanga muone. Mbewu zake zili phee m'nthaka, zikudikira. Kachilombo kanganso kali phee m'maselo anga. Sikangafe ndi njala chifukwa sikadya. Ndikangosiya kumwa, thupi langa lomwe lino liyambanso kukapanga."

Amalume anakwiya. "Sukulu yakuwononga iwe! Ukuyesa Mulungu ndi wochepa kuposa kapiritsi?"

Aa, pamenepo ndiye anandiponda pachilonda. Ine ndinabatizidwa, ndinakwatiwa mu mpingo, ndimaimba kwaya ya amayi mpaka mawu kusasa. Wina andiuze kuti ndilibe chikhulupiriro chifukwa ndikufuna kuona ana anga akukula? Ndinawauza kuti Mulungu ndamuthokoza kale, ndipo ndimamuthokoza tsiku lililonse ndi madzi m'kapu. Ndinawauzanso kuti fisi akagona sunena kuti wasanduka mbuzi, ndiponso kuti ngati akufuna chotaya m'chimbudzi ayambe ndi fodya wawo. Izi zomalizazi sindinayenere kunena, koma sindinazibweze.

Anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anati ndikunyoza madalitso. Amama anandigwira mkono. "Mwanawe, usandichititse manyazi. Ingotaya, anthu adye apite."

Panali chinthu chimodzi chimene ndinachisunga zaka zisanu. Mlongo wanga anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu, ndipo amama ankakhulupirira kuti anamulodza anzake a malonda a thonje. Ndinayang'ana mbuzi, ndinayang'ana mabenchi, ndinaona kuti chinsinsichi chatsala pang'ono kuphanso wachiwiri. Ndinagwada pafupi ndi amama, n'kulankhula motsitsa kuti amve okha.

"Amama, achimwene ankamwa mapiritsi omwewa. Tinkakatengera limodzi. Nawonso anauzidwa kuti sikakuoneka. Anataya."

Amama anandiyang'ana osaphethira. "Anataya?"

"Anataya, amama. Ndinawachonderera, anandiseka. Zotsatira zake munazisamalira ndinu pamphasa."

Nthawi yomweyo foni yanga inalira m'chikwama. Inali 16 koloko, nthawi yanga yomwera. Ndinaimirira, ndinatulutsa botolo lija, ndinalikweza m'mwamba kuti aliyense alione bwino, ngakhale mayi wa madalitso uja. Amalume anatambasula dzanja, akuyesa ndagonja. Ine ndinatsegula, n'kuika piritsi limodzi pachikhatho. Madzi ndinalibe. Ndinali wokonzeka kulimeza louma, lindikakamire pakhosi ngati likufuna.

Amama anadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinati basi, ndawataya amama anga. Kenaka anatuluka ndi kapu yachitsulo ija ankamwera mlongo wanga, imene sankalola munthu kuikhudza, itadzaza madzi. Anapitirira amalume ngati sakuwaona.

"Imwa," anatero. "Wina ndinamuika kale m'manda."

Ndinamwa. Mbuzi inadyedwabe, poti nyama siimva za mikangano. Amalume sanandilankhule mpaka nyengo yokolola nsawa, ndipo mpaka lero amanditchula kuti "asayansi" ndi pakamwa popotoka. Zimenezo n'zawo.

Amama sadziwa kuwerenga, ndipo za maselo sanazimvetse mpaka pano. Kwa iwo kachilombo kakadali ndi miyendo. Koma anapempha mdzukulu wawo awaikire belu pa kafoni kawo. Tsiku lililonse 16 koloko ikakwana foni yanga imalira kawiri: belu langa, kenaka amama. Sapereka moni. Amangofunsa kuti, "Wamwa?"