Alamu Anakana Kukhala Pansi m'Bwato

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anali katswiri wa malipenga kwathu kufupi ndi Chintheche. Sindinganene kuti sankadziwa kuvina. Ankadziwa. Koma kupatula kuvinako sindinaone china chimene munthuyo ankatha kuchita, ndipo ndinakhala nawo khomo limodzi kuyambira pamene amayi ananditumiza kwa achemwali kuti ndiyandikire sukulu.

Anayamba kutchuka nkhondo itangotha. Anabwera kuchokera ku Joni ndi nsapato zachikopa, tayi wofiira ndi galasi lodziyang'anira. Gulu la ovina a mudzi umodzi timalitcha boma, ndipo boma lathu linawaika iwo patsogolo pa mzere. Anali ndi kavinidwe kawokawo. Ankayenda pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa mchenga, kenako n'kuzungulira pa chidendene chimodzi, mwendo wina uli m'mwamba, kansalu koyera kali m'manja, n'kuima nji osagwedezeka. Pa mpikisano wa malipenga palibe wolemba mamalikisi. Anthu amangothamangira kumene kwakoma, ndipo boma lotsala ndi ana ndi agalu ndilo lagonja. Ku Bandawe anthu anathamangira kwa alamu. Ku Mpamba chimodzimodzi. Azimayi ankalowa m'bwalo kukawapukuta thukuta, iwo n'kumatsinzina ngati mphaka wosisitidwa.

Kunyanja sankapita. Ankati nkhafi imapinda msana, ndipo wovina wopindika msana ndi wa kumbuyo kwa mzere. Kumunda wa chinangwa ankati chinyezi chimalowa m'mawondo. Mawondo omwewo sankadwala akamakhala pa mkeka kudikira kondowole, nsima yathu ya chinangwa.

Kuyera konse kumene anthu ankakuimbira nthungululu kunali kwa achemwali. Ankachapa malaya, kabudula ndi masokosi mpaka zala kusupuka. Ine ntchito yanga inali sitachi. Ndinkapala chinangwa chachiwisi, kufinya madzi ake, kudikira kuti choyeracho chikhazikike pansi, n'kuchiphika kukhala kaphala kamadzimadzi. M'menemo tinkaviika zovalazo, ndipo zikauma achemwali ankasita ndi simbi ya makala, mwana ali kumsana. Alamu ankaimika kabudula pansi. Kabudulayo akagwa, ndiye kuti tibwereze.

"Amake mwana, kabudula uyu akugwada. Mukufuna ndikagwade naye?"

Achemwali sankayankha. Inenso sindinkayankha, chifukwa ndine munthu wamanyazi, ndipo mawu amene ndimalephera kunena ndimakawalemba m'kope langa.

Chaka chimene ndikunenachi malo a patsogolo aja anayamba kugwedezeka. M'boma lathu munali msodzi wina wocheperapo msinkhu amene ankavina bwino chaka ndi chaka, ndipo atsikana anayamba kuyang'ana chapakati pa mzere pamene iye ankaima. Boma la ku Kande litatiitana, akingi, amene ndi mkulu wa boma, ananena poyera kuti wovina bwino kumeneko ndiye adzatsogolere kuyambira pamenepo. Alamu anaseka pagulu. Kunyumba anatiuza kuti sitachi ichuluke kuposa masiku onse. Tinaviika, kuumitsa, kuviikanso, mpaka kabudulayo ankalira ngati chikopa chouma ukamugogoda.

Mwambo wake ndi wakuti ovina amayenda pansi atavala zakale, zoyera zili m'masutikesi, ndipo amakavala kuseri kwa nyumba akafika. Akatero amafola, ndipo adokotala a boma, amene si a kuchipatala koma oyang'anira ukhondo, amayendera mzere kuona zikhadabo, makolala ndi masokosi. Wopezeka ndi litsiro savina. Alamu anati iwo sangavalire kuseri ngati wakuba. Anafuna kufika kudzera panyanja atavala kale, anthu onse awaonere patali. Choncho anzawo anayenda pansi m'mamawa, achemwali nawonso ndi dengu la ufa pamutu, ndipo alamu anapempha amalume athu kuti awapalasire bwato. Ine ananditenga kuti ndizikapa madzi, angafike pa nsapato.

Bwato lathu ndi la mtengo umodzi, lopapatiza pakamwa. Munthu amakhala pamwamba pake, miyendo n'kuilowetsa m'kati. Alamu analowetsa miyendo koma anakana kukhala.

"Ada, khalani pansi," anatero amalume, poti kwathu bambo timati Ada.

"Ndikakhala, mzere wa kabudula uthyoka."

"Uthyoke mzere kusiyana ndi bwato langa."

"Ine ndimaima pa chidendene chimodzi, Ada. Pano ndili pa miyendo iwiri."

Amalume analavula m'madzi n'kuyamba kupalasa.

Ndinene zoona: anaima bwino ulendo wonse. Nyanja inali bata, dzuwa lili pamutu, ndipo iwo anali chilili ngati mtengo wa mbendera, dzanja m'chiuno. Titayandikira Kande tinamva ng'oma ndi zikho zimene ovina amaliza pakamwa, ndipo anthu anayamba kutsikira kumchenga akuloza. Alamu anatulutsa kansalu kawo n'kuyamba kukupiza. Anthu anakuwa. Mwina akanalekera pomwepo akanafika bwino. Koma anaona msodzi uja ataima pagulupo, ndipo anakweza mwendo umodzi kuti aonetse mbali ya kavinidwe kawo. Pansi pa bwato panali ponyowa, nsapatoyo inali yachikopa, ndipo pafupi ndi gombe pamakhala kafunde ngakhale tsiku labata. Sanakuwe n'komwe. Ndinangoona masokosi awiri oyera m'mwamba.

Madzi anali olekeza m'chifuwa. Anatuluka okha, akuyenda mokhala ngati anachita kufuna. Akanakhala madzi okha, dzuwa likanawathandiza. Koma sitachi ya chinangwa ikanyowa imabwerera kukhala phala. Zovala zonse zinayamba kunanda, mchenga unakakamira m'masokosi, ndipo tsikulo kunali nkhungu, tizilombo ta panyanja tija timabwera ngati utsi. Mtambo wake unali utagona pa mitengo ya m'mbali mwa gombe, ndipo azimayi a ku Kande anali atayamba kale kutikola ndi malichero onyowa. Alamu anadutsa pansi pa mitengoyo. Pofika pabwalo malaya anali akuda bii, ndipo pamene ankapukuta ndi dzanja ankangopaka tizilomboto.

"Alendo a ku Chintheche ndi aulemu," anatero mayi wina wa kumeneko. "Abwera ndi ndiwo zawo."

"Musawapukute, muwakande ndi chipande, tiphike," anayankha mnzake.

Ine ndinayang'ana achemwali. Anali ataima pambali, dengu lili pansi, akuyang'ana malaya aja. Anali atawasita mpaka mkono kutupa. Zimenezo ndizo zinandipweteka, osati za alamu.

Ovina anafola, alamu n'kukaima patsogolo ngati palibe chachitika. Adokotala athu anali bambo wachikulire wosakonda kuseka. Anayamba kumbuyo kwa mzere, kuona mmodzimmodzi, kuti afike kwa alamu pomaliza. Anawayang'ana kuyambira kolala mpaka nsapato, anakhudza phewa ndi chala, chalacho n'kuchinunkhiza.

"Ada, mwadwala. Kapumeni."

"Mukudziwa amene mukulankhula naye? Boma ili anthu amalidziwa chifukwa cha ine."

"Lero alidziwadi."

Alamu anatembenukira kwa akingi, koma akingi anali otanganidwa ndi kukonza chipewa chawo. Anayesa kubwereka zovala, ndipo aliyense anali ndi zake zokha zimene anavala. Pamenepo anafunafuna achemwali ndi maso n'kunena mokweza kuti mkazi wopanda nzeru ndiye anachulutsa sitachi. Achemwali anati, "Munaimika kabudula ndinu, bambo," n'kusenza dengu kupita kumene anzawo ankaphika. Ndinali ndisanawamvepo akuyankha.

Msodzi uja ndiye anatsogolera. Sankazungulira bwino ngati alamu, ndipo penapake anaphonya ng'oma. Komabe anthu anathamangira ku boma lathu, ena mwina pofuna kuona boma la munthu wa nkhungu. Alamu anakhala kuseri kwa nyumba atafunda nsalu ya achemwali, akufotokozera nkhuku zolakwa za mnzawoyo.

Titabwerera, akingi anawauza kuti malo alipo chakumbuyo, pakati pa oliza zikho. Anapitako kamodzi kokha. Anabwera akunena kuti malipenga a masiku ano aonongeka, ovina ake ndi asodzi onunkha usipa, ndipo munthu amene anaona Joni sangataye nthawi ndi zotere. Mvula isanagwe ananyamuka ulendo wa ku Halale kukafuna ntchito ya m'hotela. Tinawaperekeza mpaka pamsewu. Ananditsina tsaya n'kunena kuti ndikadzakula ndidzauze ana anga kuti ndinakhala nyumba imodzi ndi katswiri. Ndinati inde, chifukwa ndi mlamu wanga ndipo anthu ankationa.

Pobwerera achemwali anadutsira kumunda. Anandipatsa mwana kuti ndibereke, iwo n'kuyamba kuzula chinangwa cha kondowole choti tikaviike.