Moni wa Achimwene Fletcher

Achimwene anga a Fletcher amakonza mafoni pamsika kwa Chiwalo, pakhonde la golosale. Sukulu analekezera folomu 3, koma atagula laputopu yakale yothothoka mabatani anayamba kudziphunzitsa kulemba mapulogalamu. Ife kunyumba tinkangoti asiyeni, bola sakumwa kachasu. Chilema chawo ndi ulemu. Munthu uyu amapatsa moni ngakhale mwana woti wabwera kudzatchajitsa foni.

Kalabu ya oweta nkhuku itawapempha kuti azitumizira mamembala mauthenga a pafoni, analemba pulogalamu yawoyawo. Amayi athu a Belita, amene amakhala kwa Nazombe, analinso m'kalabumo. Nkhuku zawo zinali zochepa, koma panali msoti woyera umene ankasungira chinkhoswe changa. Umenewo ngakhale mlendo wochokera ku Mozambique sakanaulawa.

Achimwene anandifotokozera kuti kompyuta imasonkhanitsa kaye mawu pamalo ena isanatumize, ndipo malowo uyenera kuwayeza wekha, ngati chidebe. Iwo anayeza malo a uthenga umodzi wa pafoni. Tsono uthenga uliwonse unkayamba ndi moni, dzina lonse la munthu, kufunsa za kunyumba, kenako nkhani.

Ulendo woyamba zinavuta. Mawu anasefukira n'kulowa pamalo pamene panali dzina la munthu wotsatira. A Goliati, bambo aakulu a mpingo, analandira uthenga wowatchula kuti mayi Margret, kumapeto kuli tizizindikiro tosawerengeka. Anabwera pakhonde paja atanyamula foni ndi zala ziwiri.

"A Fletcher, kodi foniyi mwailodza?"

Achimwene anakhala sabata yathunthu akukanda m'mutu. Kenako anapeza njira youzira kompyuta kuti malo akadzadza izilekera pomwepo. Anandionetsa monyadira. Ine sindinamvepo kanthu, ndinangoti zikomo.

Chimene sanadziwe n'chakuti kompyuta ikadula mawu sikuwa. Imangonena mwakachetechete kutalika kwa zimene unafuna kulemba, ndipo ukapanda kuyang'ana nambala imeneyo, basi, yadula yapita.

Itafika nyengo yotentha, chitopa chinamveka kumidzi ya kufupi ndi Chilwa. Alangizi a ziweto anapereka tsiku la katemera, achimwene n'kutumiza uthenga kwa onse. Koma mayi ako sungawapatse moni wofanana ndi wa anthu wamba. Kwa amayi anawonjezera moni wa Chilomwe, anafunsa za bondo lawo, anafunsanso ngati mutu unasiya. Uthengawo unathera apa: "alangizi abwera ndi katemera wa chitopa tsiku la"

Amayi anadikira. Ankati mwana akulankhula sumudula pakamwa, amaliza yekha. Anzawo a m'kalabu sanawauze kanthu, poti ndani angakauze mayi wa mwini uthenga? Tsiku la katemera amayi anali kumunda kukumba chinangwa.

Nkhuku zinayamba kuodzera sabata yotsatira. Msoti uja unafa Lachinayi, khosi litapindika. Ndinalira, osanama, ndipo ndinakwiya kwambiri. Achimwene anapalasa njinga mpaka kwa Nazombe atandikweza kumbuyo, natenga foni ya amayi n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Koma ndinaitchinga kuti isasefukire," ankangobwereza. "Ndiye yalakwa pati? Yachita zimene ndinaiuza."

"Nanga tsikulo unalisiyiranji?" anafunsa amayi.

"Sindinalisiye, amayi. Linakanika kulowa."

"Kulowa kuti?"

Achimwene analoza foni, analoza m'mwamba, kenako anangokhala pansi pa mtondo. Amayi anandiyang'ana ine, ine ndinayang'ana khola.

Pa chinkhoswe tinapereka msoti wobwereka kwa azakhali, wakuda, wolusa. A kuchimuna sanadziwe, koma amayi sanadye tsiku limenelo.

Achimwene anaikonzanso pulogalamu ija. Tsopano imayeza kaye, ndipo mawu akachuluka imakana kutumiza. Tsiku ndi malo zimayamba, moni amabwera pambuyo ngati malo atsala. Anthu a m'kalabu akuti zili bwino, ngakhale a Goliati amadandaula kuti mauthenga a masiku ano ndi ouma ngati a boma.

Mwezi watha kunali katemera wina. Amayi analandira wawo: tsiku, malo, nthawi, zonse zokwanira. Madzulo ake anandiimbira, mawu ali pansipansi.

"Aliness, tandiuza zoona. Za nkhuku zija ine ndinaiwala kale. Nanga mchimwene wakoyu ndamulakwira chiyani, kuti lero andilembere osandifunsa n'komwe kuti ndadzuka bwanji?"