Ndinawatuma Kukaodira ku Amereka

Inu owerenga, ine ndine mayi wa ku Lupaso kuno ku Mzuzu, ndipo nkhani iyi yandikhala pakhosi kwa nthawi ndithu. Amuna anga anawomberedwa ndi mfuti ku Amereka, kumene tinapita kukacheza patchuthi. Sanakangane ndi munthu, sanabe cha mwini. Ananyamula mbale ya mpunga, ndipo amene anawatuma ndi ine.

Ndiyambe ndi kwathu kuti mundimvetse. Ine kobadwira ndi ku Dedza. Ku Mzuzu ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi ndikadali mtsikana, n'kukwatiwa ndi Mtumbuka wa ku Rumphi amene moni ndiye chakudya chake. Bambo a Tiwonge, monga ndimawatchulira, akanyamuka kukagula tomato wa ndiwo za masana, tomatoyo ankatipeza tikukonza chakudya chamadzulo. Aliyense panjira ankayenera kulandira "Mwawuka uli?" wake, manja akuwombedwa pang'onopang'ono, mutu utapendekeka. Ndinkawaseka kuti tsiku lina adzapereka moni kwa mtengo wa magetsi n'kuima kudikira kuti uyankhe.

Mwana wathu Tiwonge anapita kunja kukaphunzira, n'kupeza ntchito ndi banja komweko. Tonse awiri titapuma pantchito, anatiitana kuti tikadye naye Khirisimasi komanso tikaone mdzukulu wathu, kamtsikana kamene tinkangokadziwira pafoni. Bambo ake kuyambira kale ankalota chipale chofewa, chija chimagwa ngati ufa m'mayiko ozizira. M'mwezi wa Juni, chifunga chikaphimba Lupaso yense mpaka nyumba ya mnansi osaoneka, ankaima pakhonde atavala chijekete chawo n'kunena, "Anyina Tiwonge, kumeneko kuyenera kuti kumakhala chonchi, kungoti chifunga chake n'chogwirika ndi manja."

Masiku oyamba a ulendowo ndimawakumbukira ngati maloto a munthu wogona masana. M'ndege ndinaona mitambo ili pansi pa ine, ndipo ndinagwira dzanja la amuna anga ngati mtsikana. Titafika, sikunatenge nthawi chipale chija chinagwa. Chinabwera m'mawa, popanda bingu, popanda mphepo, popanda phokoso padenga. Ife anthu a malata tinazolowera kuti chogwa kumwamba chimadziwitsa, koma ichi chinkangotsika mwakachetechete mpaka msewu, magalimoto ndi mitengo zonse zinayera. Bambo a Tiwonge anatuluka opanda chipewa, natambasula manja awo onse awiri. Tizidutswa tinkagwera m'manjamo n'kusungunuka, iwo akuseka okha. Ndinawaona ali kamnyamata kamene sindinakadziwepo.

Ndisaname, tinaona zokoma zambiri. Madzulo nyumba zonse zinkayaka timagetsi tamitundumitundu. Tinaona dziwe litaundana gwa ndi kuzizira, ana akutsetsereka pamwamba pa madzi. Anthu ankatigwirira zitseko m'masitolo, woyendetsa basi anatidikira pamene ndinkayenda mwamantha pamalo oterera, ndipo mayi wina anandiimitsa kuti ayamikire chitenje chimene ndinamanga pamwamba pa chijasi. Ndinayamba kuganiza kuti anthu amangoliipitsa dzikoli.

Koma zizindikiro zinalipo, ine ndi amene sindinaziwerenge. Pazitseko zina panali chithunzi cha mfuti chokhwatchidwa, ngati mmene kuno timaletsera fodya. Kutchalitchi kumene tinapita, khomo linkatsekedwa mapemphero akayamba, pakhomopo pataima mlonda. Tsiku lina mdzukulu wathu anati tisewere. Anazimitsa magetsi, n'kutilowetsa m'kachipinda kosungira zovala, chala chili pamlomo. Ife tinkaseka, iye osaseka. Tiwonge anatiuza pambuyo pake kuti si masewera, ndi zimene amawaphunzitsa kusukulu kuti azichita akamva kuti kwalowa munthu wa mfuti. Ndinagwira pakamwa, koma pofika mawa lake kunja kunali kokongola moti nkhaniyo inasungunuka m'mutu mwanga.

Tiwonge anatichenjeza momveka bwino, ndipo izi ndiyenera kuzinena kuti mwana wanga asasenze mlandu. "Amama, adada, kuno si ku Lupaso," anatero. "Yendani mumsewu mmene mungafunire, koma pabwalo la munthu musapondepo ngati sanakuitaneni. Anthu ambiri ali ndi mfuti m'nyumba, ndipo ndi amantha." Ine ndinamuyankha kuti ndinamubereka ndine, asandiphunzitse kukhala ndi anthu.

Moyandikana ndi nyumba ya Tiwonge munkakhala mkulu wina wachikulire, yekhayekha. Sindinamuonepo nkhope bwinobwino, ndinkangoona katani ikugwedezeka tikamadutsa. Chipale chitagwanso chambiri, anthu onse anakumba njira zawo ndi mafosholo, koma pakhomo pa mkuluyo panangokhala poyera, popanda ngakhale phazi limodzi. Tsiku linadutsa, lina linadutsanso. Mtima wanga unayamba kundivuta. Inu mukudziwa mmene timakhalira kuno. Dzuwa likakwera chitseko cha mnansi chili chitsekere, sudikira kuitanidwa, umapita kukamva mmene wadzukira. Ndipo mlendo akabwera ndi kanthu kuchokera kumudzi, mnansi amalawako. Ife tinali titanyamula mpunga wa kilombero, uja fungo lake limafika kwa aneba usanauphule. Ndinaona kuti n'zamanyazi kuti tiudye tokha munthu wokalamba ali pafupi, mwina akudwala.

M'mawa wa tsikulo Tiwonge ndi mwamuna wake anapita kuntchito, mwana kusukulu. Ndinaphika mpunga uja ndi nkhuku, n'kuika m'mbale yovundikira, n'kukulunga ndi kansalu. Kenaka ndinauza amuna anga kuti akapereke kwa mkulu uja, popeza ndi mwamuna mnzawo ndipo Chingerezi chawo n'chowongoka kuposa changa. Ndinati atengenso fosholo, akamukumbire njira.

Iwo anazengereza. "Mwana anakana, anyina Tiwonge," anatero.

"Kodi mwayamba kuopa moni, inuyo?" ndinawafunsa ndikuseka. "Anthu a ku Lupaso akamva adzati Amereka yakudyani."

Mawu amenewo ndi amene anawadzutsa pampando. Ndipo ndinawonjezera china chimene chimandiluma mpaka lero. Ndinawauza kuti asadzere kumaso, chifukwa khomo la kumaso ndi la alendo aulemu wa patali. Munthu wobweretsa chakudya amadzera kuseri, kukhitchini, monga amachitira mnansi weniweni. Kwathu umenewo ndi ulemu.

Ndinaima pawindo la kukhitchini n'kumawaonera. Kunja kunali bata, kadzuwa kofooka kakuwala pachipale. Chifukwa cha kuzizira anali atavala chipewa chofika m'makutu, sikafu atakulunga mpaka pamphuno, fosholo ili paphewa. Ine ndinkaona amuna anga okoma mtima. Sindinaganize n'komwe za chimene munthu wa m'katimo ankaona. Anatsegula kageti ka kuseri, naika mbale pasitepe, nawerama pang'ono, nawomba m'manja. Mawu awo anandipeza kudzera pagalasi: "Odi! Odi kuno!" Kenaka anapereka moni m'Chingerezi. Kunalibe yankho. Anagogoda, kuli zii. Ndiye anachita chimene aliyense wa ife amachita akaopa kuti m'nyumba muli wodwala wosatha kudzuka. Anagwira chogwirira cha chitseko.

Phokoso lake silinali ngati la m'mafilimu. Linamveka ngati thabwa lagwa pasimenti. Chipale chinakhuthuka kuchokera padenga, ndipo amuna anga anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa ndi ulendo. Mbale inagubuduka, mpunga n'kumwazika, woyera pa zoyera. Kwa kanthawi ndinangoima, ndikuganiza kuti aterereka. Kenaka poyera paja panayamba kufiira.

Sindikumbuka kuti ndinatuluka bwanji. Ndinazindikira ndagwada m'chipale, ndili ndi masilipasi okha, mutu wawo uli pamiyendo panga. Ndinkakuwa m'Chichewa, m'dziko limene palibe akanamva. Koma mayi wina wa kutsidya kwa msewu, amene sindinali nditamupatsapo moni, anathamanga osavala jekete. Anavula juzi yake n'kupanikiza pabala, uku akuimba foni. Madokotala anati pakanapanda manja a mayi ameneyo, bwenzi ndikulemba nkhani ya maliro. Dziko lomwelo linatulutsa chipolopolo, lomwelonso linatulutsa mayi uja.

Mkulu wa m'nyumbamo anatsegula chitseko chija, chobowoka ndi chipolopolo. Anali wowonda, atavala zogonera, ndipo mfuti anaigwetsa yekha. Ataona mpunga ndi nkhuku zili mbwee, anakhala pasitepe n'kuyamba kulira. Ndinadzamva pambuyo pake kuti akuba anamulowerapo kudzera pakhomo lomwelo la kuseri n'kumumenya, ndipo chichokereni mkazi wake sankatsegulira munthu aliyense. Anauza apolisi kuti anaona munthu wobisa nkhope, wonyamula chitsulo, akupotokola chitseko chake. Za milandu sindinena zambiri, zinatsala m'manja mwa Tiwonge. Ndinafuna kumuda mkuluyo, koma chidani chinkati chikanyamuka, chinkabwerera kwa ine mwini.

Khirisimasi tinaidyera m'chipatala. Chipolopolo chinalowa paphewa la kumanja, pafupi ndi khosi, ndipo kwa masiku angapo palibe amene ankandiuza motsimikiza kuti adzuka. Ndinkakhala pafupi ndi bedi, makina akulira pang'onopang'ono, chipale chikutsikabe kuseri kwa windo, chokongola ngati kale, ngati kuti palibe chachitika. Ndinkaganiza za mmene ndikafikire ku Rumphi ndi bokosi, ndi chimene ndikawauze abale awo. Tiwonge sanandinene ngakhale liwu limodzi. Ankangondibweretsera tiyi n'kundifunditsa bulangeti, ndipo kukhala chete kwakeko kunkandipweteka kuposa kukalipa.

Tsiku limene anatsegula maso, anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinayembekezera kuti andifunsa chifukwa chake ndinawatuma. Koma ndi mawu otsika anati, "Kodi akulu aja anadya?"

Moyo unapulumuka, koma dzanja lamanja silinadzukenso. Limangolendewera, zala zitapindika. Titabwerera ku Mzuzu, anthu a ku Lupaso, a kutchalitchi, anzathu a ku Katoto ndi ku Masasa, onse anabwera kudzawazonda, ndipo monga mwa chikhalidwe chathu ambiri ankadzera kuseri akuodira. Apa m'pamene ndinaona bala lenileni. Munthu akati "Odi", amuna anga ankadzidzimuka, nkhope n'kuchita thukuta, n'kulowa kuchipinda. Munthu uja wochedwetsa tomato chifukwa cha moni anasiya kutuluka pageti. Sanandiimbepo mlandu, koma nyumba yathu inazizira, ndipo ndinkadziwa kuti ndinabwera nawo theka, theka lina linatsala pasitepe paja.

Zinakhala choncho mpaka nyengo yozizira itafika. M'mawa wina chifunga chinatsika kwambiri, mitengo ya kuseri kwathu ikungooneka ngati mithunzi. Ndinawapeza ataima pakhonde koyamba chibwerereni, atavala chijekete chija, akuyang'ana kuyera kumeneko. Mwadzidzidzi m'chifungamo munamveka mawu a mnansi wathu, Anyagondwe, amene ankabwera ndi phava la nthochi pamutu. "Odi kuno!" Ine mtima unaima. Ndinaona phazi limodzi la amuna anga litaloza kale kuchitseko. Koma sanalowe. Kenaka anayankha, mawu akusasa, "Odini, mama. Mwawuka uli?"

"Tawuka makora, adada, kwali imwe? Yewo chomene, mwatuluka lero," anatero Anyagondwe.

Amuna anga anakweza dzanja lamanzere kuti awombe m'manja monga mwa kale, ndipo dzanjalo linasowa lina loligunda. Linangoima m'malere. Ndinathawira kukhitchini n'kukalira.

Inu owerenga, sindikukuletsani kupita kunja. Pitani mukaone, kuli zokongola zoti simudzaziiwala, kulinso anthu abwino ngati mayi wa juzi uja. Sindikunenanso kuti mwambo wathu wozonda mnansi ndi woipa. Ine ndidzafa nawo. Koma akuluakulu anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo kwa eni kulibe mkuwe. Ulemu wa kwanu ukhoza kuoneka ngati chiwembu pamaso pa munthu wamantha amene wagwira mfuti. Mwana wanu amene akukhala kumeneko akakuuzani kuti apa musaponde, mverani, ngakhale munamusintha matewera ndinu. Mukada nkhawa ndi mnansi, uzani eni nyumba, iwo akudziwa njira yake. Ndipo inu amayi anzanga amene muli ndi pakamwa pothwa ngati panga, musamukankhe munthu wanu ndi nthabwala kuti achite chimene mtima wake ukukana.

Masiku ano bambo a Tiwonge ayambiranso kuyenda, ndipo tomato wayambanso kuchedwa, kungoti sapita okha. Ndimayenda kumanja kwawo, mbali ya dzanja lakufalo. Tikakumana ndi munthu, iwo amaima, amapendeketsa mutu, ine n'kutambasula chikhatho changa patsogolo pawo. Amawombapo ndi dzanja lawo lamanzere, pang'onopang'ono, mpaka moni utatha.